Kalilole Amene Anamupala Mokhota Mwadala

Kumapeto kwa Juni 2011, amisiri a kampani ya Tinsley ku Richmond, m'chigawo cha California ku America, anamaliza kupala akalilole a telesikopu ya James Webb. Kalilole wamkulu wa makina oonera zakuthambo amenewa ndi wa zidutswa 18 zachitsulo, chilichonse cha makona 6, chotambalala mamita 1.32. Munthu akanatenga chidutswa chimodzi tsiku limenelo n'kuchiyeza m'chipinda momwe anachipaliramo, akanapeza kuti n'chokhota, pena potukuka pang'ono, pena polowa. Amisiriwo ankadziwa, ndipo ndi zomwe ankafuna. Anachikhotetsa dala, ndi muyeso, chifukwa ntchito yake sinali yodzagwirira m'chipinda chofunda cha ku California ayi. Kwake kunali kutali, makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko pano, kozizira madigiri pafupifupi 230 pansi pa ziro, komwe dzanja la munthu silingakafike.

Ambiri telesikopuyi amaidziwira zithunzi zake zomwe zinayamba kufalikira mu Julayi 2022, za mitambo ya fumbi momwe mumabadwira nyenyezi ndi za milalang'amba yofiira ya kalekale. Zithunzizo n'zokongola ndithu. Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi ntchito yomwe ili kuseri kwake, makamaka luso limodzi lomwe limatumphuka paliponse m'makinawa, luso lopanga chinthu molingana ndi komwe chikupita ngakhale pamaso pako chizioneka cholakwika.

Chitsulo chomwe anasankha ndi beryllium, chokumbidwa ku Spor Mountain m'chipululu cha Utah. N'chopepuka kuposa aluminiyamu, sichipindika wamba, ndipo chikazizira kwambiri chimafika poti sichifotanso kapena kufutukuka, chimangokhala mmene chilili. Koma n'chitsulo chaukali. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osachiritsika, choncho wochipala amagwira ntchito atadziteteza, fumbi lonse likuyamwidwa ndi makina. Ku Elmore, ku Ohio, ufa wa chitsulochi anauthira m'zikombole n'kuupanikiza pamoto waukulu mpaka unagwirana kukhala zibuma za makilogalamu pafupifupi 250 chilichonse. Ku Cullman, ku Alabama, anazigoba kumsana n'kusiya nthiti zopyapyala zolukana m'timakona titatutitatu, kuti chidutswa chipepuke koma chisalobodoke. Pomwe ankamaliza kugoba, chilichonse chinatsala ndi makilogalamu 21 okha.

Kenako ndiye kupala nkhope. Ku Tinsley makina oyendetsedwa ndi kompyuta ankakwecha chidutswa pang'onopang'ono, amisiri n'kumayeza ndi kuwala kwa laser, kukwechanso, kuyezanso, miyezi n'kumatha. Chikasalala n'kulowa mkati mmene chimafunikira, ankachitumiza ku Boulder, ku Colorado, kukachimangirira pa miyendo ndi timamota take, n'kuchipititsa ku Huntsville, ku Alabama, komwe bungwe la NASA lili ndi chipinda chachikulu choyesera zinthu zopita mumlengalenga. Ankalowetsamo zidutswa 6 nthawi imodzi, kutseka chitseko, kupopa mpweya wonse, n'kuziziritsa ndi helium mpaka madigiri 240 pansi pa ziro. Kozizira kumeneko chidutswa chosalala bwino chija chinkapotoka. Sikuti munthu angakuone ndi maso kupotokako, koma kwa kalilole wa telesikopu n'kokwanira kusokoneza chithunzi chonse. Ndipo chidutswa chilichonse chinkapotoka mwa mtundu wakewake, malinga ndi mmene nthiti zake ndi zomangirira zake zinkakokerana.

Apa ndi pomwe pagona luso. Amisiriwo sanalimbane nako kupotokako. Anakuyeza, malo ndi malo pankhope yonse, n'kujambula mapu a chidutswa chilichonse, kuti apa chimatukuka mwakuti, apa chimalowa mwakuti. Chikafundanso ankachibweza ku Tinsley limodzi ndi mapu ake, ndipo kumeneko ankapala zosemphana ndi zomwe mapuwo akuonetsa. Pomwe pamatukuka pozizira ankakumbapo kadzenje ka muyeso womwewo, pomwe pamalowa ankasiyapo kachitunda. Woumba mbiya amadziwa kuti dothi limafota likamauma ndi likamapsa, ndiye amaumba yokulirapo kuposa yomwe akufuna. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti mbiya ikaphonya ndi chala chimodzi imasungabe madzi, pomwe nkhope ya kalilole ameneyu inkaloledwa kuphonya ndi ma nanomita pafupifupi 20 okha. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Zidutswazo zitabwerera ku Huntsville kukazizidwa komaliza, kuzizira kunawongola zomwe amisiri anakhotetsa.

Golide yemwe amapatsa Webb maonekedwe achikasu aja ndi wochepa modabwitsa. Ku Moorestown, ku New Jersey, anamutenthetsa m'chipinda chopanda mpweya mpaka anasanduka nthunzi, nthunziyo n'kukhazikika pankhope ya chidutswa mochindikala ma nanomita 100, pamwamba pake n'kukutirapo kagalasi kopyapyala koteteza. Kalilole yense, wa mamita 6.5 m'mimba mwake, anadya magalamu 48 basi. Golideyo sanamuikire kukongola. Ndi chitsulo chomwe chimabweza bwino kwambiri kuwala kwa mtundu womwe Webb imasaka, ndipo kuwala kumeneko anakutulukira munthu yemwenso anali wopala akalilole.

William Herschel anali woimba nyimbo wochokera ku Hanover yemwe anakakhazikika ku Bath, ku England. Ankadzipalira yekha akalilole a mkuwa wosakaniza ndi tini, ndipo ndi mmodzi mwa akalilole amenewo anatulukira pulaneti ya Uranus mu 1781. Mlongo wake Caroline, yemwe anadzatchukanso potulukira nyenyezi za mchira, anasimba kuti nthawi ina mchimwene wakeyo anapala kwa maola 16 osachotsa manja pa kalilole, iye n'kumamuika chakudya m'kamwa. Mu 1800 Herschel anamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi la makona atatu kuti kutuluke mitundu ya utawaleza, n'kumaika choyezera kutentha pamtundu uliwonse. Atachisunthira kupitirira pofiira, pomwe maso saonapo kanthu, chinakwera kuposa pena ponse. Kuwala kosaoneka kumeneko ndi kwa infrared. Popeza chilengedwe chikufutukuka, kuwala komwe kwayenda zaka zoposa 13 biliyoni kumafika kuno kutatambasuka, kutachoka pa mitundu yooneka n'kulowa mu infrared. Vuto n'lakuti chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala komweko, kaya ndi thupi la munthu, kaya ndi dziko lapansi, kaya ndi telesikopu yeniyeniyo. Kalilole wofunda angadzithobwe m'maso ndi kuwala kwake komwe. Kuzizira konse kuja kumachokera pamenepa.

Kusamala kwa amisiri a Webb kuli ndi mbiri yake, ndipo ndi yowawa. Pa 24 Epulo 1990 America inakweza telesikopu ya Hubble, ya kalilole wagalasi wa mamita 2.4, mmodzi mwa akalilole osalala kwambiri omwe anthu anali atapalapo. Patangotha milungu ingapo zinaoneka kuti nyenyezi iliyonse ikutuluka ndi chifunga mozungulira. Chikomekome cha mkuyu: kalilole anali wosalala inde, koma m'mphepete mwake anali atamupala mopitirira ndi ma nanomita 2,200. Ofufuza atalondola phazi anapeza kuti vuto silinali m'manja mwa opala a ku kampani ya Perkin-Elmer koma m'chida choyezera chomwe opalawo ankatsatira. Polumikiza chidacho anagwiritsa ntchito kandodo kachitsulo koyezera mtunda, kovala kachisoti kopakidwa penti wosanyezimira. Penti uja anali atakanganuka pang'ono, kuwala kunanyezimira pa kachisoti m'malo mwa pansonga ya kandodo, ndipo galasi limodzi la m'chidacho linakhala pamalo olakwika ndi mamilimita 1.3. Litakana kufika pomwe muyeso wabodzawo unkalozera, anaikapo mawashala kuti likhale. Kuyambira pamenepo opala anagwira ntchito yawo mokhulupirika kwambiri, kutsatira ndendende chida chonama. Chopweteka n'chakuti zida zina ziwiri zinaonetsa kuti penapake palakwika, koma anazinyozera poti ankakhulupirira kuti chatsopano chija ndicho chapamwamba.

Hubble inapulumuka chifukwa ili pafupi, makilomita pafupifupi 500 pamwamba pathu. Mu Disembala 1993 anthu anakwera ndi chombo cha Endeavour n'kukaiveka timagalasi towongola kuwala. Webb ili kutali kuwirikiza kanayi mtunda wopita kumwezi, ndipo mwayi wotero inalibe. Ena mwa omwe anagwira ntchito yokonza Hubble, monga Lee Feinberg, ndi omwe anadzayang'anira kalilole wa Webb, ndipo anabwera ali ndi chipsera. Muyeso uliwonse wofunika ankautsimikiza ndi chida china chosiyana, ndipo zida ziwiri zikasemphana sankapitirira asanapeze chifukwa. Anapatsanso kaliloleyo njira yodziwongolera ali kutali. Kumsana kwa chidutswa chilichonse kuli timamota 7. Timamota 6 timachisuntha ndi kuchipendeketsa mbali iliyonse, ka nambala 7 kamakankha kapena kukoka pakati pake kuti chilowe mkati mocheperapo kapena mokulirapo. Kuphatikiza ndi ta kalilole wamng'ono wapatsogolo, tonse tilipo 132, ndipo kalikonse kamatha kusuntha ndi sitepe yosakwana ma nanomita 10.

Hubble sinayesedwe yathunthu isananyamuke. Webb anaiyesa. Mu 2017 anailowetsa mu Chamber A ku Johnson Space Center ku Houston, chipinda chomwe chinamangidwa poyesera zombo za Apollo zopita kumwezi, n'kuitsekera mmenemo masiku pafupifupi 100. Ili mkatimo, kumapeto kwa Ogasiti, namondwe wa Harvey anagwa pa mzindawo. Misewu inasefukira, denga la nyumbayo linayamba kudontha, makompyuta anawaphimba ndi mapulasitiki, ndipo ogwira ntchito ena ankagona komweko. Kuyesako sakanakudukiza mwadzidzidzi, chifukwa telesikopu yozizira chonchi imafunika kufunda pang'onopang'ono kuti isawonongeke. Panafunika kuti magalimoto a nitrogen wamadzi afike ngakhale kunja kuli chigumula, ndipo anafika.

Kudekha kotere kumadya nthawi ndi ndalama, ndipo andale amawerengera zaka mosiyana ndi amisiri. Poyambirira, m'ma 1990, ankati telesikopuyi idzanyamuka mu 2007 ndipo sidzapitirira madola 1 biliyoni. Inanyamuka mu 2021 itadya pafupifupi 10 biliyoni. Patangotha masiku ochepa amisiri a ku Tinsley atamaliza kupala, mu Julayi 2011, komiti ya nyumba ya malamulo ya America inapereka ganizo loti ntchito yonse ithetsedwe. Odandaula sankalankhula zopanda pake. Ndalama zomwe Webb inkameza zinali kusowetsa ntchito zina za sayansi, ndipo gulu lomwe linaunika nkhaniyi mu 2010, lotsogozedwa ndi John Casani, linapeza kuti bajeti ndi kayendetsedwe ka ntchito zinali zosalongosoka. Koma gulu lomwelo linanenanso kuti umisiri wake unali kuyenda bwino, ndipo kusiyanitsa kumeneku ndimakuona kofunika, chifukwa wolonjeza mtengo wotsika kuti ntchito ivomerezedwe ndi wina, wokwecha chitsulo ndi wina. Barbara Mikulski, yemwe panthawiyo anali phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Maryland, komwe kuli likulu la ntchitoyi ndi anthu ambiri olembedwa pa iyo, anaimenyera nkhondo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inapulumuka. Sinali ya America yokha. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la ESA linapereka chida cha NIRSpec, gawo lalikulu la chida cha MIRI ndi roketi yonyamulira, Canada inapereka chida chomwe chimagwira nyenyezi kuti telesikopu isagwedere poyang'ana. Malipiro awo ndi nthawi yoonera kuthambo: Ulaya analonjezedwa magawo 15 pa 100 alionse, Canada magawo 5.

Chotchinga dzuwa ndicho chinachedwetsa zaka zomaliza. Ndi mapepala asanu a pulasitiki ya Kapton okutidwa ndi aluminiyamu, mamita 21 m'litali ndi 14 m'lifupi, loyamba lochindikala mamilimita 0.05, enawo theka la pamenepo. Pakati pa pepala ndi pepala pali mpata, ndipo kutentha kumathawira m'mbali kudzera m'mipatamo, kotero kuti mbali yoyang'ana dzuwa imapitirira madigiri 80 pomwe mbali ya kalilole ili zii, popanda firiji yoziziritsa kaliloleyo. Chinthu chachikulu chonchi chinayenera kupindidwa kuti chilowe m'mutu wa roketi, chitagwiridwa ndi mapini 107, n'kukatambasulidwa ndi zingwe 90 zodutsa m'timagudumu 400. Chitsulo umatha kuwerengera mmene chingayendere, koma pepala lotere limayenda mwa lokha, ndipo padziko pano palibe malo opanda mphamvu yokoka pomwe ungaliyesere mmene lidzachitire. Mu 2018 zinadziwika kuti mapepalawo ang'ambika malo angapo poyesa, ndipo pambuyo pake timabawuti ndi mawashala zinapezeka zitayoyoka. Anasoka, anamanganso, anayambiranso kuyesa.

Ulendo womaliza padziko unali wa panyanja, masiku 16 m'sitima ya MN Colibri kuchoka ku California, kudutsa ngalande ya Panama, mpaka ku Kourou pa 12 Okutobala 2021. Kourou ili ku French Guiana, ku South America, koma ndi gawo la dziko la France. Afalansa anasankha malowa mu 1964 chifukwa bwalo lawo la maroketi linali ku Hammaguir m'chipululu cha Algeria, dziko lomwe linali litangodzimasula mu 1962. Ndi malo abwino kwa roketi: ali madigiri 5 okha kumpoto kwa equator, komwe kuzungulira kwa dziko kumakankha mwamphamvu, ndipo kum'mawa kwake kuli nyanja yokhayokha. Koma mbiri yake si yoyera. Pafupi pomwepo pali Île du Diable, chilumba chomwe France inatsekerapo Alfred Dreyfus kuyambira 1895 pa mlandu womunamizira. Mabanja anasamutsidwa kuti bwalolo limangidwe, ndipo mu 2017 anthu a m'dzikomo anatseka misewu yolowera pabwalopo podandaula za zipatala, masukulu ndi chitetezo, roketi n'kukhala pansi milungu ingapo. Woyamikira luso la pa Kourou asaiwale eni nthaka yomwe lusolo laimapo.

Pa 25 Disembala 2021 roketi ya Ariane 5 inanyamuka, ndipo apanso panali kuphonya kwadala. Webb inkapita ku malo otchedwa L2, komwe chinthu chimatha kuzungulira dzuwa limodzi ndi dziko lapansi, dzuwa ndi dziko ndi mwezi zonse zili mbali imodzi kuti chotchinga chimodzi chizitchinge zonse. Koma telesikopuyi singatembenuke kuti ichepetse liwiro, chifukwa kutembenuka ndi kuonetsa kalilole ndi zida zake ku dzuwa. Imatha kudzikankhira kutsogolo kokha. Roketi ikanaiponya mopitirira, inali yotayika. Choncho akatswiri a ku Ulaya anawerengera kuti aiponye moperewera pang'ono, yotsalayo imalize yokha ndi mafuta ake. Kuperewera kwambiri kukanatha mafuta a zaka zambiri. Anaponya pomwe anafuna penipeni, moti telesikopu yomwe inkayembekezeka kugwira ntchito zaka 5 mpaka 10 inatsala ndi mafuta a zaka 20. Patatha mphindi 27 inalekana ndi roketi n'kutambasula sola yake, ndipo oiyendetsa a ku Baltimore anailumikiza kudzera pa siteshoni ya ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja ku Kenya.

Panali malo 344 omwe amodzi okha atakanika, ntchito yonse ikanathera pomwepo. Onse anayenda. Pa 4 Januwale 2022 mapepala asanu aja anali atakungika, pa 8 phiko lachiwiri la kalilole, yemwe nayenso ananyamuka atapindidwa, linatsekeka pamalo pake, pa 24 telesikopu inafika ku L2.

Ntchito yomwe inatsatira ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse. Poyamba zidutswa 18 zija anazitukula pa zikhomo zomwe zinazigwira ponyamuka, mtunda wa mamilimita 12.5, pa liwiro la milimita imodzi patsiku, timamota tikuyenda mosinthana kuti tisafunditse kalilole. Pa 2 Febuluwale analozetsa telesikopu ku HD 84406, nyenyezi yowala yokhala payokha m'gulu la Ursa Major. Anaisaka kwa maola 25, kulozetsa malo 156, kujambula zithunzi 1,560. Atazilumikiza panatuluka timadontho 18 tobalalika, tina totalika, tina tachifunga: nyenyezi imodzi yomweyo, chidutswa chilichonse chikuionetsa kwakekwake. Kuti adziwe mwini wa dontho lililonse, ankapendeketsa chidutswa chimodzi n'kuona dontho lomwe lasuntha. Kenako anawongola dontho lililonse, n'kuwasonkhanitsa onse pamalo amodzi. Wina akanati zatha, koma amenewo anali akadali matelesikopu ang'onoang'ono 18 ounjikana. Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo kuti zidutswa zikhale kalilole mmodzi, mafunde ochokera pa chilichonse ayenera kufika pamodzi, nsonga pa nsonga. Chidutswa chikatsogola kapena kutsalira ndi kagawo kochepa ka funde limodzi, mafundewo amafafanizana. Kuti aone kusiyana kochepa chonchi, mu kamera ya NIRCam anaikamo timagalasi tomwe ntchito yake ndi kusokoneza chithunzi dala. Dontho lakuthwa limabisa zolakwika zake, koma likamwazika, mawanga ake amaulula chidutswa chomwe chatsogola ndi chomwe chatsalira, kompyuta n'kuwerengera masitepe oti mota iliyonse iyende. Pa 11 Marichi anamaliza. Chithunzi chomwe anatulutsa pa 16 chinali cha nyenyezi imodzi ya minga 6 ikuluikulu, yochokera m'mphepete mwa zidutswa, ndipo kumbuyo kwake kunali mbwee milalang'amba yomwe palibe anaifuna pa chithunzicho.

M'masabata omwewo, pansi pano, mapangano ena ankaduka. Pa 24 Febuluwale Russia inalowa m'dziko la Ukraine ndi nkhondo. Patatha masiku awiri inalengeza kuti ikuchotsa antchito ake ku Kourou, komwe maroketi ake a Soyuz ankanyamukira kuyambira 2011. Tsiku lomwelo Germany inagoneka telesikopu yake ya eROSITA, yomwe ili pa chombo cha Russia cha Spektr-RG ku L2 komweko, isanamalize kujambula thambo lonse maulendo omwe anakonza. Ulendo wa ExoMars wopita ku Mars unaimitsidwa, ndipo telesikopu ya Ulaya ya Euclid, yomwe inayenera kukwera Soyuz, inadzanyamuka pa 1 Julayi 2023 ndi roketi ya ku America. Amisiri a eROSITA sanaphonye muyeso uliwonse. Chida chawo chinali bwinobwino tsiku lomwe anachigoneka, ndipo zimandiwawa kuganiza za zaka zomwe anathera pa icho.

Webb nayo sili pamtendere wokhawokha. Kumapeto kwa Meyi 2022 kamwala kakang'ono ka mumlengalenga kanagunda chidutswa chotchedwa C3 n'kusiya chipsera chomwe sichingachoke. Timamota tija tinachepetsa vutolo, ndipo oyendetsa anasintha ndondomeko kuti kalilole asamayang'ane kawirikawiri mbali yomwe telesikopu ikulowera, komwe timiyala timagunda mwamphamvu. Masiku angapo alionse amayeza kalilole ndi nyenyezi, ndipo akapeza kuti wasuntha amamuwongola.

Chithunzi choyamba cha sayansi anachionetsa Pulezidenti wa America wa panthawiyo, Joe Biden, pa 11 Julayi 2022. Chinali cha SMACS 0723, gulu la milalang'amba la kuthambo la kumwera, chojambulidwa kwa maola 12.5. Posakhalitsa akatswiri anayamba kupeza milalang'amba yowala kwambiri ya nthawi yomwe chilengedwe chinali chikadali chakhanda, yochuluka kuposa yomwe masamu awo ankalosera. Ena anathamanga. Mlalang'amba wotchedwa CEERS-93316 unkaoneka ngati wa zaka 250 miliyoni kuchokera pachiyambi, koma atauyeza bwino mu 2023 unapezeka kuti ndi wa patapita zaka zoposa 1 biliyoni, ndipo fumbi ndi mpweya wake wowala ndi zomwe zinanamiza maso. Chomwe chinagamula ndi NIRSpec, chida chokhala ndi tizitseko pafupifupi 250,000, kalikonse kosakwana theka la milimita, tomwe amatsegula posankha kuti kuwala kwa mlalang'amba umodzi kulowe kokha n'kumwazidwa m'mitundu yake. Chida chomwecho chinatsimikiza ina kuti ndi yakaledi. Mu Meyi 2024 analengeza za JADES-GS-z14-0, womwe tikuuona mmene unalili patangotha zaka 290 miliyoni m'chilengedwe cha zaka 13.8 biliyoni, ndipo mu Marichi 2025 zinalengezedwa kuti matelesikopu a ALMA ku Chile apezamo okosijeni. Okosijeni amapangidwa m'mimba mwa nyenyezi n'kumwazika nyenyezizo zikafa, ndiye kuti pofika nthawi imeneyo nyenyezi zambiri zinali zitabadwa kale, kukhala moyo wake wonse, n'kuphulika. Akatswiri akukangana za chifukwa chake. Ena akuti mpweya unkasanduka nyenyezi mofulumira kuposa masiku ano, ena akuti nyenyezi zoyamba zinali zikuluzikulu ndi zowala kwambiri, ena akuti zinkabadwa mwa apo ndi apo koma zambiri nthawi imodzi, ndipo pa timadontho tofiira tomwe tikupezeka mochuluka m'zithunzi zakuya, ambiri akuloza maenje akuda omwe anakula msanga.